Ndati Ayezedwe, Iwo Amva Mimba

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili ndi chimwemwe chosakanikirana ndi ukali. Ndine dalaivala wa minibasi, njira yanga ndi ya Madadeni kupita m'tauni ya Newcastle. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 16, ali giredi 10. Ndimutcha Ziyanda, ngakhale si dzina lake lenileni. Aphungu, mwana wangayu ndi wanzeru! Ndibwerezenso kuti mumve bwino: ndi wanzeru! Malipoti a kusukulu akhala akunena zina zaka zonsezi, koma tsopano ndadzionera ndekha, ndipo mboni zanga ndi minibasi yodzaza.

Chiyambireni sukulu, Ziyanda amawerenga ngati bilimankhwe akuwoloka msewu. Amaika chala pa mawu, kuyamba, kubwerera, kulumpha mzere, pofika kumapeto kwa ndime thukuta lili kamukamu. Akalemba, zilembo zina zimayang'ana kumene zachokera. Giredi 9 anabwereza. Aphunzitsi chaka ndi chaka nyimbo yawo ndi imodzi: "Ndi mwana waulemu, koma salimbikira." Tinapita naye ku kiliniki, anati maso alibe vuto. Tinangoti basi, mwina sukulu si mbali yake.

Ndiye mwezi wathawu, Loweruka, anakwera nane kuti akagule nsapato m'tauni. Pa wailesi panali pulogalamu ija ya ana a matiriki, mayeso omaliza a sekondale, amafunsa mafunso a sayansi ya zamoyo, ana n'kumaimba foni kuyankha. Wowulutsa akangofunsa, ndikumva Ziyanda pampando wakutsogolo akuyankha chapansipansi, wa pafoniyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Loyamba ndinati wangolota. Lachiwiri, wakhozanso. Lachitatu, wa pafoni walakwa, mwana wanga wakhoza! Bambo wina kumbuyo, amene anapakata thumba la kabichi, anakuwa kuti, "Adalaivala, kwezani wailesiyo! Iwe mtsikana, usamadye mawu, yankha tikumve!" Linabwera funso la mmene impso zimasefera magazi. Aphungu, mwanayu anafotokoza ngati impsozo anazipanga ndi iyeyo. Amayi ena anaimba nthungululu, wina anamuponyera lalanje kuchokera kumpando wakumbuyo. Ine ndinapitirira siteji ya anthu awiri, ndipo palibe amene anandilalatira. Pa njira yathuyi zimenezo sizichitika.

Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, zimenezi wazitenga kuti?" Iye anati, "Baba, pulogalamuyi mumaitsegula nthawi zonse mukamatsuka galimoto. Ndipo mkalasi ndimamva chilichonse chimene aphunzitsi anena. Ndi pepala lokha limene limandithawa."

Mayi wina wovala yunifolomu ya kuchipatala anadikira kuti atsike pomaliza. Anati ntchito yake ndi yothandiza ana ochedwa kuyankhula. Anandiuza kuti, "Bambo, ine sindinganene motsimikiza, koma alipo ana amene amavutika ndi zilembo zokha, nzeru zili zonse. Kapempheni kusukulu kuti amuyeze. Akapezeka nalo vutoli, pa mayeso amawonjezeredwa nthawi, mwinanso kupatsidwa munthu womuwerengera mafunso." Munthu womuwerengera mafunso, Aphungu! Mwana wangayu atawerengeredwa mafunso, matiriki akhoza kuitafuna ngati chingamu. Tsiku limenelo ndinayenda ndikuimba hutala popanda wondilakwira.

Ndinapita kusukulu nditavala malaya a kutchalitchi. Ahedi anandimvetsera uku akuyang'ana foni, kenako anati, "Bambo, kuyeza n'kwa ana olumala. Wanuyu ali ndi maso, makutu ndi miyendo iwiri. Tikayamba kuwonjezera nthawi kwa waulesi aliyense, mayeso tidzalemba mpaka Khirisimasi." Ndinabwerera kunyumba. Mkazi wanga anati ndipitenso, mwina ndinawapeza tsiku loipa. Ulendo wachiwiri ndi umene unandiwiritsa magazi. Ahedi anati, "Ngati mukuona kuti ali ndi vuto, pitani naye kwa dokotala wolipira, kapena kusukulu ya ana apadera. Kunena zoona, giredi 11 pano sadzaitha, ndipo mbiri yathu ya matiriki sitiiseweretsa. Ganizirani zomuchotsa." Mwamva? Akufuna mwana wanga achoke kuti chiwerengero chawo chiwale.

Apa ndiye panachitika kangozi pang'ono. Mawu anga ndi a pa renki, poimikira maminibasi paja, anazolowera kupikisana ndi mainjini. Ndinatuluka mu ofesimo, inali nthawi yopuma, ana ali ponseponse pabwalo ndi magwinya awo, mandasi aja, m'manja, ine n'kutembenuka pakhonde kukuwa kuti, "Ine ndati mwana wanga AYEZEDWE! Ziyanda ali ndi kanthu, inu mukudziwa, koma mukufuna kungomuchotsa mwakachetechete!"

Inunso mukudziwa chimene anthu amamva ukati mtsikana ayezedwe. Pofika nthawi yoweruka, sukulu yonse inali itamva kuti Ziyanda ali ndi pakati. Ena ati ayi, ndi za magazi. Anyamata akumamufunsa kuti, "Mlamu wathu ndi ndani? Tisonkhe za matewera?" Nkhaniyi inafika mpaka kumudzi ku Nquthu. Amayi anga anaimba foni nati, "Ndamva mukufuna kumuyeza mwana. Bwerani naye kuno, MaSithebe uja amayeza unamwali wa atsikana opita ku mwambo wa bango akadalipo, ndipo sachedwa." Ndinaseka mpaka misozi. Mkazi wanga sanaseke.

Koma nkhani yabwino ndi iyi. Nditafotokozera anzanga pa renki, onse anayaka moto. Mdala Gcabashe, amene amayang'anira mzere wa magalimoto, anamenya pa bonati nati, "Amwene, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Hedi ameneyo sanaonepo renki itakwiya." Tagwirizana kuti Lolemba loyamba la mwezi ukubwerawu, m'mamawa, maminibasi onse a njira yathu akatseka geti la sukuluyo, mahutala ali pwiii, mpaka ahedi atuluke avomere pamaso pa anthu. Mnzanga Qiniso ali ndi msuweni wosindikiza zinsalu, watipangira chachikulu chotalika ngati minibasi, zilembo zofiira: YEZANI MWANA WATHU, pambali pake chithunzi cha Ziyanda atavala yunifolomu. Ndachiona, Aphungu, n'chokongola zedi! Chiyambireni sindinaonepo anthu akuimirira mwana wanga chonchi.

Kunyumba kokha ndiye kulibe chimwemwe. Mkazi wanga akuti, "Bambo a Ziyanda, inu m'mutumo munaikamo hutala m'malo mwa ubongo." Ziyanda anasiya kukwera minibasi yanga, akuyenda wapansi, ndipo akudyera kuchipinda chitseko chotseka. Dzana anandiyankhula kamodzi kokha. Anati, "Baba, mukabweretsa chinsalu chimenecho, ine pasukulu paja sindidzapondanso. Ndipo woyeza wanuyo akadzabwera, sindidzatsegula pakamwa." Ine ndikuona kuti ndi manyazi a atsikana chabe, adzatha akadzaona kuti tapambana.

Ndiye ndithandizeni. Kodi apolisi angatimange chifukwa chotseka geti kwa m'mawa umodzi wokha? Nanga lilipo lamulo limene ndingawerenge mokweza pagetipo, loti sukulu ilibe mphamvu yokana kumuyeza? Ndikufuna ndikafike nditanyamula zida zonse.

S.B.H., Madadeni

Bambo S.B.H.,

Zimitsani kaye injini. Kalata yanu ndaidumphitsa mzere kuti yankho likupezeni Lolemba lanulo lisanafike.

Ndiyambe ndi kukondwera nanu, chifukwa nane pa nkhani ya impso ija ndinaimba nthungululu ndili ndekha mu ofesi. Mwana amene amamva phunziro kamodzi n'kulisunga, koma pepala n'kumamuthawa, si waulesi. Mayi wa kuchipatala uja anakuuzani zoona, ndipo anachita bwino kunena kuti sangatsimikize. Inenso sindingatsimikize, inunso simungatero, ahedi nawo sangatero. N'chifukwa chake pali akatswiri ounika ana. Pa mfundo yaikulu ndinu olondola kotheratu: mwanayu ayenera kuunikidwa, ndipo lamulo lili kumbali yanu. Mwamva? Lili kumbali yanu! Ndiye musalithamangitse ndi mahutala.

Funso lanu loyamba: inde, angakumangeni. Kutseka msewu ndi mlandu, kusokoneza sukulu dala ndi mlandu, ndipo minibasi ikakokedwa ndi apolisi, a Gcabashe sadzakudyetserani ana. Kuwonjezera apo mudzakhala mwatsekera panja ana a anthu ena, amene ufulu wawo wophunzira ndi womwewo mukumenyera wanuyu. Lero ahedi ndi amene ali ndi mlandu woyankha. Mukatseka geti, nkhani idzasanduka ya madalaivala oopseza sukulu, ndipo iwo adzapuma mpweya wabwino.

Funso lachiwiri: lamulo lilipo, koma si lowerenga pageti. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa mwana aliyense ufulu wa maphunziro, ndipo amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Ulumali si wa ndodo ndi njinga zokha, ulipo wosaoneka ndi maso. Lamulo loletsa tsankho limanenanso kuti kukana kuchita zinthu zotheka zothandiza munthu wotere ndi tsankho lomwe. Unduna wa maphunziro nawo uli ndi ndondomeko yake: sukulu ya boma iliyonse iyenera kukhala ndi kagulu ka aphunzitsi kothandiza ana amene akuvutika, ndipo kakalephera, nkhani imapita ku ofesi ya maphunziro ya dera, kumene kuli akatswiri. Kholo liyenera kukhalapo pa zokambiranazo. Wovomereza nthawi yowonjezera kapena womuwerengera pa mayeso akuluakulu si hedi ayi, ndi a kumtunda. Ahedi anuwo atseka chitseko chimene si chawo.

Tsono chitani izi. Zonse mwapempha mpaka pano n'zapakamwa, ndipo zapakamwa zimauluka. Lembani pempho lalifupi, laulemu, lokhala ndi deti, lonena kuti mukupempha kagulu kothandiza ana kaone nkhani ya mwana wanu ndi kuitumiza kwa akatswiri a ku dera. Pemphaninso kuti ngati akukana, akane molemba ndi kupereka zifukwa. Pangani mapepala awiri, limodzi alidinde mubwerere nalo. Mudzadabwa mmene anthu amasinthira akauzidwa kuti mawu aja a Khirisimasi awalembe n'kusainira. Ndipo akapereke ndi mayi a Ziyanda. Mwa kalata yanu yomwe ndaona kuti m'nyumba mwanu mabuleki ali kwa iwo.

Sonkhanitsani umboni uku mukudikira: malipoti onse kuyambira makalasi oyamba, makope akale mmene zilembo zikuonekera kutembenuka, ndi pepala la ku kiliniki la maso. Kamupimitseninso makutu, kuti pasapezeke wonena kuti mwina vuto lili kumeneko. Ngati pali mphunzitsi amene anaonapo kuti mwanayu amakhoza akafunsidwa pakamwa, mucheze naye. Pasukulu sipalephera kupezeka mmodzi wotero.

Akakana, kapena akangokhala chete, pitani nokha ku ofesi ya maphunziro ya dera, mufunse mbali yoona za ana ofunika thandizo lapadera, muwaonetse pepala lodinda lija. Simufunika chilolezo cha ahedi kuti mupite kumeneko. Mukafunsenso tsiku lotsekera mapempho a thandizo la pa mayeso, chifukwa zimenezi sizipemphedwa matiriki itafika pakhomo. Giredi 10 ndiyo nthawi yake yeniyeni, mwadzuka pa nthawi yabwino! Kumeneko kukavuta, lemberani mkulu wa maphunziro wa chigawo chonse. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu nalonso limalandira madandaulo otere kwaulere.

Chida chachikulu ndakusungirani pomaliza, poti mumakonda zida. Ku khoti la majisitireti kuli khoti loona za tsankho. Kukasuma kumeneko salipiritsa, loya si wokakamiza, ndipo kalaliki wa khotilo amathandiza kulemba dandaulo. Khoti limeneli likhoza kulamula kuti mwana athandizidwe. Mukafuna loya, yambani mwafunsa kwa maloya a boma othandiza osowa, kapena ku mayunivesite kumene ophunzira zamalamulo amathandiza anthu. Koma khoti likhale lomaliza. Woweruza adzafuna kuona kuti munagogoda zitseko zina zija, ndipo apa m'pamene mapepala odinda adzakuyankhulireni mokweza kuposa mawu anu a pa renki.

Pakadali pano musasaine chilichonse chomuchotsa pasukulupo, ngakhale atakunyengererani bwanji. Sukulu ya boma singachotse mwana chifukwa choopa kuti adzatsitsa chiwerengero cha okhoza. Mawu amenewonso muwalembe, ndi tsiku limene ananenedwa. Komanso musamulonjeze Ziyanda zakumwamba. Akatswiri akhoza kupeza zimene mukuganizazo, akhoza kupeza zina. Womuwerengera amawerenga funso basi, yankho limachokerabe m'mutu mwa mwana. Kwa mwana wa impso uja sindikuda nkhawa.

Anzanu a pa renki musawanyoze, mtima wawo ndi wagolide. Athokozeni, muwapatse ntchito ina. Wina akugwirireni ulendo wa m'mawa tsiku lopita ku ofesi. A Gcabashe avale jekete akuperekezeni ngati mboni, mmodzi yekha, wopanda hutala. Mufunsenso pa renkipo ngati palibe ena amene ana awo akuthawidwa ndi pepala. Ndikukhulupirira kuti muwapeza, ndipo makolo angapo opempha molemba amagwedeza ofesi kuposa maminibasi.

Tsopano ndikuuzeni chimene simunandifunse. Inu mwaseka za amayi anu ndi MaSithebe, ndipo nane ndinamwetulira, sindikana. Koma Ziyanda akudzuka m'mawa uliwonse kupita kumalo kumene anyamata akumuyang'ana pamimba. Amenewo si manyazi a atsikana, bambo. Ndi chilonda, ndipo ngakhale simunafune, chinachokera pakhonde paja. Ndiye inu mukufuna kutenga liwu lomwelo, limene sukulu yonse inalimva molakwa, mulilembe ndi zilembo zofiira pambali pa nkhope yake? Amene anali asanamve za mimbayo adzaiwerenga ali pa msewu. Chinsalucho chisatuluke. Dulani chithunzi cha mwanayo musunge, chotsalacho muzipukutira magalasi.

Liwu loti kuyeza lisiyeni. M'pempho lanu lembani kuti aunikidwe kawerengedwe kake, ndipo muwonjezere kuti sukulu iletse ana amene akumunyoza, chifukwa umenewonso ndi udindo wawo. Koma musanalembe chilichonse, khalani pansi ndi mwini nkhani. Ali ndi zaka 16, si katundu wa pa kaliyala. Mumuuze kuti munalakwitsa kukuwa. Pepani sapoletsa chilonda, n'zoona, koma popanda iyeyo simuyamba n'komwe kuchitsuka. Mumuwerengere pempholo mokweza, iye anene mawu oti achotsedwe, anenenso amene ayenera kudziwa ndi amene sayenera.

Chenjezo langa ndi ili. Majisitireti akhoza kulamula ahedi, akhoza kulamula ofesi ya maphunziro, koma m'dziko muno mulibe majisitireti amene angalamule Ziyanda kutsegula pakamwa pamaso pa womuunika. Mukhoza kupambana konseko n'kupeza kuti mwana woti alowe pa chitseko mwatsegulacho palibe. Kagogodeni kuchipinda kwake lero lomwe, mawu otsika. Akapanda kutsegula, musakankhe. Mukagogodenso mawa.

Aphungu anu